Wowerengera Njinga

Wilson Kadammanja anafika ku Manyamula ndi matiresi, mapoto awiri, kalata yomutumiza kudzaphunzitsa masamu, ndi Baibulo lomwe mayi ake anamukankhira m'chikwama basi itatsala pang'ono kunyamuka ku Dedza. Matiresi ndi mapoto zinayamba ntchito tsiku lomwelo. Baibulo linapatsidwa ntchito yotchinjiriza zenera kuti lisamamenyeke ndi mphepo, ndipo tinene chilungamo, ntchitoyo linaigwira mokhulupirika kwa chaka chathunthu.

Sikuti Wilson anali wachikunja ayi. Kutchalitchi ankapita, makamaka nsapato zikakhala zopolishidwa, ndipo ankaimba besi yabwino ngakhale mawu a Chitumbuka ankangowameza. Koma zokhala pansi payekha n'kutsegula Mawu ankati n'za abusa ndi anthu amene agonekedwa m'chipatala.

Amene anasokoneza mtendere umenewu ndi Loyce. Loyce ankagulitsa mbewu ndi feteleza m'kasitolo ka bambo ake pamsika, ndipo Wilson, munthu wopanda ngakhale mzere umodzi wa munda, anagulamo mbewu ya tomato kasanu mwezi umodzi. Ulendo wachisanu ndi chimodzi mtsikanayo anamufunsa ngati mbewuyo akumathira mu tiyi. Anaseka onse awiri, nkhani n'kuyambira pomwepo. Pofika Khirisimasi anali atagwirizana zomanga banja.

"Koma vuto ndi adada," anatero Loyce tsiku lina akuyeza feteleza pasikelo.

Adadawo anali a Fanuel Shaba, mkulu wa mpingo, mlimi wa fodya, munthu woti ukamupatsa moni pamsewu nthawi zina ankangodutsa ngati walonjera mtengo. Anyamata a pa Manyamula ankawaopa kuposa apolisi a pa Jenda.

"Adada za ng'ombe za lobola sasamala chomene," anapitiriza Loyce. "Akufuna mwamuna wodzuka ndi Mawu. Chaka chatha kunabwera wina wa ku Joni, galimoto yonyezimira. Anamufunsa kuti m'mawa uno mwawerenga pati. Iye n'kutchula buku loti m'Baibulo mulibe. Mbwenu thenga wake, amene anamutuma kudzafunsira ukwati, anabwerera pachipata, ngakhale mpando sanamupatse."

"Nanga munthu akangoloweza mavesi angapo?"

"Yayi, a Wilson. Adada safunsa mwini wake yekha. Amafufuza."

Wilson anabwerera kunyumba mtima uli pansi. Iye ankamufunadi Loyce, osati zocheza. Koma munthu wophunzitsa masamu sakhulupirira kuti pali samu yopanda njira yachidule, ndipo njirayo anaipeza m'bandakucha wa tsiku lotsatira, itamudzutsa yokha.

Ankachita lendi chipinda chapakati pa mdadada wa zipinda zitatu kuseri kwa masitolo, za njerwa zosapaka pulasitala, zopanda siling'i. Zenera lake linapenya kanjira kopita kudambo. Tsiku lililonse hafu faifi, a Shaba ankadutsa m'kanjirako pa njinga yawo yakalekale kupita kumunda wa fodya, ndipo njingayo inkalira kwii, kwii, kwii, kuyambira pachigayo mpaka itatsikira kumlatho. Chaka chonse Wilson ankaitukwana chamumtima njinga imeneyo. M'mawa umenewo anaimvetsera ngati kwaya. Anayang'ana pa foni: kuchoka pachigayo kufika kumlatho, mphindi zinayi.

Mphindi zinayi zokha pa tsiku! Anachotsa Baibulo pazenera, analipukuta ndi sokosi, n'kuikapo njerwa m'malo mwake.

Kuyambira pamenepo dongosolo linali lomweli. Kwii woyamba akamveka, Wilson ankavundukula bulangete, kuyatsa kanyali ka sola, kukankha zenera, n'kuyamba kuwerenga ndi mawu oti ngakhale agalu a pachigayo ankatembenuka. Anayambira poyambirira penipeni, pa Genesis. Njinga ikamayandikira mawu ankakwera, ikafika pazenera ankachita kunjenjemeretsa ngati mlaliki wa pamsika wa ku Mzimba boma. Kwii womaliza akangozimirira kumlatho, buku linkatsekedwa kuti phwa, kaya ali pakati pa vesi, kaya pakati pa liwu. Mwini wake n'kubwerera m'bulangete mpaka hafu sikisi.

A Shaba sankatembenuka, sankachepetsa liwiro. Ankangodutsa, chisoti chaubweya chili chotsekera makutu onse. Wilson ankati m'mtima mwake, anthu ofufuza amatero, saonetsera.

Dziko linalengedwa motero, mphindi zinayi zinayi. Chigumula chinatenga sabata yathunthu. Mayina ovuta a mibadwo Wilson ankangowalumpha, poganiza kuti eni ake anafa kale ndipo sangadandaule.

Chimene anaiwala n'chakuti nyumba yopanda siling'i ilibe chinsinsi. Chipinda cha kumanzere kwake munkagona Malizani, mmisiri wa njinga ndi wowotcherera zitsulo, bambo wa zaka za m'ma fifite wochokera ku Kasungu. Malizani anakulira pa esiteti ya fodya, sukulu anaisiyira Sitandade 2, ndipo maso ake anali ofiira nthawi zonse chifukwa chowotcherera popanda magalasi. Iye ndi Wilson ankangopatsana moni basi.

M'mawa wina wa mu Febuluwale, Wilson anafika pa nkhani ya Abrahamu atakwera phiri ndi mwana wake Isake. Nkhuni zayalidwa, mwana wamangidwa, bambo watambasula dzanja, mpeni uli m'mwamba. Kwii womaliza anazimirira kumlatho. Phwa! Wilson anakoka bulangete.

Khoma linagunda katatu, dothi n'kuyoyokera pa pilo.

"Aphunzitsi!"

Wilson ananamizira kugona.

"Aphunzitsi, ndikudziwa simunagone. Wamupha mwanayo kapena sanamuphe?"

"A Malizani, kudakali m'mawa. Tidzapitiriza mawa."

"Mawa? Mpeni ukhale m'mwamba mpaka mawa? Inu muli ndi mtima wanji? Ine ndigwira bwanji ntchito lero?"

"Sanamuphe. Gonani."

"Musandinamize ngati mwana. Werengani ndimve ndekha."

Wilson anatembenukira kukhoma lina. Kenako mawu a Malizani anabwera ofatsa, aulemu, oopsa.

"Ine ndine mmisiri wa njinga, aphunzitsi. Kulira kwa njinga iliyonse ya pa Manyamula pano ndimakudziwa. Ndaona kuti Mulungu wanu amabwera pa njinga ya a Shaba, n'kuchokanso pa njinga yomweyo. Kaya a Shabawo akudziwa? Amabwera kuno Lachinayi lililonse kudzapopetsa."

Tulo tonse tinabalalika. Wilson anayatsanso nyali, anatsegula buku, n'kumaliza nkhani yonse mpaka nkhosa itapezeka m'chiyangoyango. Kuseri kwa khoma kunamveka munthu akupuma mozama.

"Eyaa. Ndiye mumati mutisiye pamenepo? Kuyambira lero muzimaliza chaputala."

Umu ndi mmene mphindi zinayi zinasandukira mphindi makumi awiri. Wilson ankawerenga mokwiya, akuthamangitsa mawu ngati munthu wothawa mvula, koma Malizani sankalola zachinyengo. Akalumpha dzina, khoma linkagunda. "Bwererani, pamenepo mwameza munthu." Ndipo Malizani sankamvetsera mwakachetechete. Ankalowerera nkhani ngati zikuchitikira pakhomo pake. Esau atagulitsa ukulu wake ndi mbale ya mphodza, anakuwa kuti, "Chitsiru! Zikanakhala ndiwo za nyama bwenzi tikumva!" Labani anamutcha kapitawo wa pa esiteti, ndipo anatchula ndi dzina la kapitawo amene ankafanana naye.

Koma pa nkhani ya Yakobo m'pamene Wilson zinamuvuta. Anawerenga za munthu wovala zikopa za mbuzi m'manja kuti anamize bambo wokalamba wosaona, alande dalitso. Ali mkati mowerenga, njinga inadutsa pazenera, ndipo kwa nthawi yoyamba mawu ake sanakwere. Anatsika. Anamva manja ake akuyabwa.

"Mwachepetsa voliyumu bwanji?" anafunsa Malizani.

"Chimfine."

"Chimfine cha zikopa za mbuzi chimenecho," anatero Malizani, n'kuseka mpaka kutsokomola.

Wilson sanaseke. Tsiku lonse kusukulu nkhaniyo inamukhala pamtima. Ankayembekezera kuti chaputala chotsatira Mulungu amukantha Yakobo ndi mphezi, ndipo pa nthawi yopuma anapezeka akutsegula Baibulo la pa foni kuti aone, atabisa foniyo m'buku la masamu ngati mwana wa sukulu woonera zosayenera. Mphezi sanaipeze. Anapeza wonyenga uja akuthawa, atagona patchire mwala uli pilo, ndipo Mulungu akubwera kwa iye pomwepo, osamutaya. Zimenezi zinamusowetsa mtendere kuposa mphezi. Kubwezera akanakumvetsa, popeza masamu amatero. Koma kuti Mulungu amudziwe munthu kuti ndi kamberembere, n'kumutsatirabe mpaka kutchire, samu imeneyo inamukanika.

Pofika pa Yosefe, zinthu zinali zitasokonekera kotheratu. Nkhaniyi Wilson ankati amaidziwa kuchokera ku Sande sukulu, koma zomwe ankakumbukira ndi malaya okongola basi. Tsopano iye ndi Malizani anatsikira limodzi m'dzenje, anagulitsidwa limodzi, anamangidwa limodzi. Wilson anayamba kudzuka faifi koloko kuti nthawi ikwane. Tsiku lina anachedwa kusukulu, ahedi atamufunsa chifukwa, anatsala pang'ono kuyankha kuti anali kundende ku Iguputo. Chaputala chikatha Malizani ankati, "Ndiye tipemphere kapena?" Poyamba Wilson ankangonena pemphero loloweza, lothamanga. Kenako mawu oloweza anayamba kuchepa, n'kumapezeka akunena zake: za mayi ake ku Dedza, za ana a Fomu 2 omwe ankabwera m'kalasi ndi njala, za mtima wake womwe sankaukhulupirira.

M'mawa umene Yosefe anadziulula kwa abale ake, Wilson anawerenga mpaka anaima pakati pa vesi. Kuseri kwa khoma kunkamveka kufwenthera.

"A Malizani, mukulira?"

"Ndi maso owotchererawa. Inu pitirizani."

"Sindikuona bwino zilembo."

"Nanunso mwayamba kuwotcherera?"

Genesis atatha sanafunsane n'komwe. Analowa mu Eksodo ngati anthu olowa m'nyumba ya mbale wawo.

Kumapeto kwa Epulo, fodya ali m'zigafa, Loyce anamutumizira uthenga pa foni: adada akufuna kukuonani Sabata tikaweruka. Mwamwambo wa kuno mnyamata sakhala maso ndi maso ndi bambo wa mtsikana nkhani isanadzere kwa thenga, koma a Shaba anali ndi njira yawo. Ankayamba amuona munthu monga mkulu wa mpingo, za ukwati pambuyo.

Anakhala pabenchi kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mtengo wa bulugamu. Chapafupi, amayi a Umanyano, gulu la amayi a mumpingo, anali atayala zitenje pa udzu kuyembekezera msonkhano wawo, ndipo Loyce anali pakati pawo, akunamizira kusanja mabuku a nyimbo.

"Asambizgi," anayamba a Shaba, kumutchula mphunzitsi m'Chitumbuka, "ine ndafufuza. Ndamva kuti pa Manyamula pano palibe mnyamata wodzuka ndi Mawu ngati imwe. Tsiku ndi tsiku, mpaka oyandikana nawo akupindula. Ndakondwa chomene. Mwana wanga ndimafuna apite m'nyumba yotero."

Apa m'pamene samu yonse inathera. Yankho lomwe Wilson analivutikira miyezi inayi linali m'manja, chongofunika n'kuthokoza kuti yewo adada. Anatsegula pakamwa. Manja anayamba kuyabwa. Anayang'ana nkhalambayo, imvi zili mbuu, ikumuyang'ana ndi chikhulupiriro chonse, ndipo anadziwa kuti akangoti yewo, mawa m'mawa sadzatha kulitsegula buku lija. Chodabwitsa n'chakuti zimenezo zinamuopsa mofanana ndi kutaya Loyce.

"Adada," ananong'ona, maso ali pansi, "pali chimene simukudziwa. Ine ndinayamba kuwerenga kuti inu muzindimva mukamadutsa."

"Mwati uli?"

"Ndati ndinkawerengera inu."

A Shaba anapendeketsa mutu, n'kuika dzanja kukhutu. "Kwezgani mawu, asambizgi. Mukuyankhula ngati muli m'botolo."

Wilson anakweza pang'ono. A Shaba anapukusa mutu. Anakwezanso. Amayi a Umanyano anasiya kucheza. Thukuta linatsika m'khosi mwa shati yake yoyera, koma pobwerera panalibe. Anaimirira, anakoka mpweya, n'kutulutsa mawu omwe aja a pazenera, a besi, ogwedeza agalu a pachigayo.

"Ndati ndine wachinyengo, adada! Ndinkadikira njinga yanu! Ikalira pachigayo ndiyambe, ikafika kumlatho nditseke, ndigone! Ndinkafuna mundipatse Loyce!"

Mpingo wonse unamva. Wogulitsa mandasi kutsidya kwa msewu anamva. Mayi wina wa Umanyano anati "Hii, Chiuta wane!" n'kugwira pakamwa, wina anagwa chagada ndi phwete. Loyce anaphimba nkhope ndi buku la nyimbo, ndipo sizinkadziwika ngati akulira kapena akuseka.

A Shaba anamuyang'anitsitsa. Kenako anamukoka Wilson dzanja kuti akhale pansi, mbali ya kumanja kwawo.

"Munkawerengera ine?"

"Eya, adada."

"Pazenera paja?"

"Eya."

"Asambizgi, khutu lakumanzereli linafa kalekale, Loyce asanabadwe. Lakumanjali limamva za pafupi, ndipo m'mawa ndimalitsekera m'chisoti chifukwa cha mphepo. Ine sindinamvepo ngakhale liwu limodzi. Ndinkangoona mnyamata wayasama pazenera, ndinkati mwina mumatsuka m'kamwa."

Amayi aja, omwe anali atayesetsa kudzigwira, analephera. Wilson analakalaka nthaka itang'ambika. Miyezi inayi ya kukuwa, mawu kusasa, tulo kutayika, zonsezo kukuwira chisoti chaubweya.

"Ndiponso mwati njinga yanga imalira?" anafunsa a Shaba modabwa ndithu. "Bwanji anthu osandiuza?"

"Nanga... munamva kwa ndani kuti ndimawerenga?"

"Kwa Malizani. Munthu uja zaka khumi ndakhala ndikumuitanira kutchalitchi, amangondiuza mtengo wa chubu. Mwezi watha ndikupita kukapopetsa, mbwenu akundifunsa ngati ndikudziwa zimene anachita Yosefe ndi chikho. Wandisunga ola lathunthu, kundifotokozera ine, mkulu wa mpingo, akukuwira m'khutu muno. Koma izi mwanenazi sanandiuze."

Nkhope yawo inabwerera mwakale, ndipo kuseka kwa amayi kunazima. Wilson anaona kuti Loyce watsitsa buku lija, akuyang'ana bambo ake osaphethira. Wa ku Joni uja anangonama kamodzi, koma Wilson ananama tsiku ndi tsiku, ndipo waulula yekha pamaso pa Umanyano wonse.

"Mwandiuza chinthu chimene sindikanachidziwa mpaka kumanda," anatero a Shaba pang'onopang'ono. "Chifukwa chiyani?"

"Sindikanatha kuwerenga mawa, adada."

"Hmm. Lero m'mawa mwawerenga?"

"Eya. Eksodo, pamene anthu akudandaula za madzi m'chipululu."

"Dzulo?"

"Eya."

"Sabata yatha? Sabata inayo?"

"Sitinalumphe tsiku, adada."

A Shaba anagwedeza mutu. "Njinga yanga inathyoka foloko tsiku lotsatira Pasaka. Masabata atatu tsopano ili kwa Malizani, yagona chagada pakhomo panu penipeni, akuti chitsulo chake mpaka chichokere ku Mzimba. Ine kumunda ndikuyenda wapansi, njira ya kumunsi, pazenera panu sindikudutsako n'komwe."

Wilson anayasama. Njinga yogona chagada ija ankailambalala m'mawa uliwonse popita kusukulu, tsiku lina anayanikapo ndi thaulo. Anayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene anatchera khutu kudikira kwii wa pachigayo, koma silinabwere.

"Ndiye ndikufunseni, asambizgi," anatero a Shaba, mawu awo atafewa. "Masabata atatu amenewa, munkawerengera njani?"

Wilson anaweramitsa mutu. Anakhala pabenchipo, mwamuna wamkulu, mphunzitsi wa masamu, misozi ikugwera pa nsapato zake zopolisha, amayi onse akuona. Anali atatchera msampha kuti akole nkhalamba yogontha, osadziwa kuti pazenera lomwelo panali Wina amene ankamva liwu lililonse, ndipo sankapita kumlatho.

A Shaba anaimirira, anakutumula fumbi pa thalauza, n'kuvala chipewa chawo.

"Mbwenu pitirizani kuwerengera Yemweyo," anatero. "Thenga wanu abwere Loweruka. Mpando tidzamupatsa."